Nachisale ndi Kalaliki Wosapereka Moni

Kalekale... Inde, ndati kalekale, ndipo amene wakwinya nkhope apitirize kukwinya. Mukuti nthano singakhale ndi foni m'kati? Nanga foni imene munagula zaka ziwiri zapitazo, si ndinu nomwe mukuitchula kuti yachikale? Khalani chete tsono mumve, chifukwa mlanduwu ndiusiya m'manja mwanu.

Kalekale, pa Madisi panali mayi wina telala, dzina lake Nachisale. Mwamuna wake anamwalira ana akadali ang'onoang'ono, ndipo iye anawalera onse atatu ndi makina osokera opondera ndi phazi, amene ankakhala pakhonde. Woyamba anali Fatsani, mphunzitsi wa sekondale, munthu wodekha ndi waulemu mpaka kutopetsa. Wachiwiri anali wamkazi, Mwatitha, wokonza mafoni mumsika ku Lilongwe, amene sankakhulupirira chinthu asanachimasule. Womaliza anali Tsogolani, bambo wa ana awiri, wa kabaza wa njinga yamoto, amene sukulu anaisiyira Fomu 2 ndipo sankachita nazo manyazi.

Ana atakula, matenda a shuga anamulowa Nachisale, ndipo patapita zaka anamulanda maso. Jakisoni ankadzibaya yekha m'mawa uliwonse, poti dzanja limene lazolowera singano silisochera. Vuto linali lakuti thupi lake linasiya kumuchenjeza. Shuga ankatsika iye osamva kanthu, kungozindikira ali pansi. Kawiri konse anamutola anthu oyandikana nawo.

Namwino wa kuchipatala sanabise mawu. Anati, "Mayi, kachitatu sipadzakhala wokutolani. Ndikumatani kabatani aka pamkono, kazidzauza foni mmene shuga alili. Koma foni imalemba, ndipo inu simuona. Pafunika wina wokuwerengerani nthawi zonse."

Atamva izi atsibweni a anawo, a Chalera, mlongo wake wa Nachisale, anaitanitsa banja. Iwo anabwera atagamula kale. Anati, "Alongo, tsekani nyumbayi. Mupite ku Lilongwe kwa Mwatitha, akakuyang'anireni."

Nachisale anagwira mutu wa makina ake n'kuyankha kuti, "Achimwene, nyumbayi ndinaimanga msoko ndi msoko. Khomo lililonse ndimalidziwa ndi phazi. Mukanditengera kutauni, mukandikhazika pampando ngati thumba la makala, ndizikapempha mwana wanga kuti andiperekeze kuchimbudzi. Sindipita. Maso ndiwo afa, ine sindinafe."

"Ndiye mufera muno," anatero a Chalera.

"Ndikafera muno ndafera kwanga. Koma ana inu tamverani. Sindikufuna mlonda. Ndipezereni chinthu chondiwerengera mokweza. Amene adzandisunge wamoyo m'nyumba yanga ino, makina awa ndi ake."

Musaganize kuti anawo ankafuna kuyamba utelala. Makinawo ndi amene anawaveka, anawadyetsa, anawaphunzitsa. Kuwalandira kunali kumva mayi ako akunena pamaso pa anthu kuti mwana ndi uyu, ndipo aliyense wa atatuwo ankawalakalaka, ngakhale palibe anatsegula pakamwa.

Masiku amenewo kunali kutabwera nzeru zina zoika m'foni, zotha kuwerenga, kuganiza ndi kuchita zimene wazituma. Mwatitha anaziika m'foni ya mayi ake n'kuzilumikiza ndi kabatani ka pamkono. Nachisale anazipatsa dzina lakuti Kalaliki, poti ntchito yake inali yowerenga ndi kulemba. Koma Kalalikiyo analibe mawu. Pankafunika chida china chosandutsa zolembedwa kukhala mawu omveka, chimene anawo ankangochitchula kuti choyankhulira. Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Kalaliki sadziwa kugwiritsa ntchito choyankhulira mwa iye yekha. Amawerenga buku la malangizo limene opanga chidacho alemba, n'kuchita ndendende zimene zalembedwamo. Sakayika, sabwerera kukafunsa. Bukulo likanama, iye amanama nalo limodzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pano wodya phulayo akanakhala Nachisale.

Zoyankhulira zodziwa Chichewa zinapezeka zitatu, chilichonse ndi buku lake. Anayamba azimva kaye mawu. Choyamba chinali ndi mawu okoma ngati a muulutsi wa pawailesi, ndipo buku lake linali la zithunzi zokongola. Chachiwiri chinali ndi mawu abwinobwino ndi kabuku ka masamba atatu. Chachitatu chinali ndi mawu osasa ngati a munthu wa chimfine, buku lake lalitali, lopanda chithunzi ndi chimodzi chomwe.

Tsogolani anadumpha. "Choyambacho basi! Amayi azimva ngati ali ndi wailesi yawoyawo."

A Chalera anavomereza, ndipo ngakhale Nachisale anamwetulira. Koma Fatsani anati, "Mundipatse Loweruka limodzi."

Loweruka m'mawa Fatsani anasindikiza mabuku onse atatu, anakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kutulutsa bolopeni yofiira imene ankachongera mayeso. Sanawerenge ngati wogula. Anawerenga ngati mphunzitsi amene wagwirapo ana ambiri akubera. Buku lililonse analifunsa mafunso omwewo. Kodi netiweki ikachoka chidacho chimatani? Kodi chikalephera chimanena kuti chalephera? Kodi pali chitsanzo choti Kalaliki angatsatire popanda kulota? Kodi bukuli linalembedwa liti?

Buku la zithunzi linali lodzaza ndi malonjezo. Tsamba lililonse linkati n'chosavuta, n'chachangu, n'chodalirika. Za netiweki silinanene kanthu. Za kulephera silinanene kanthu. Fatsani anafufuza mpaka pa timawu ting'onoting'ono ta kumapeto, m'mene anapeza kuti chidacho sichitulutsa liwu ndi limodzi lomwe popanda netiweki. Kabuku ka masamba atatu kanali ndi zitsanzo za chida chakale chimene opanga ake anachisintha kalekale, moti Kalaliki akanatsatira njira yopita kumene kulibenso mudzi. Buku lachitatu, lotopetsa lija, linali ndi mutu wathunthu wakuti zimene chida ichi sichitha. Linkavomera kuti mayina ena chimawatchula mopotoka, kuti mawu ake si okoma, komanso kuti netiweki ikachoka chimayankhulabe ndi mawu osungidwa m'foni momwemo.

Madzulo ake Fatsani anaponya mabukuwo patebulo, awiri ali ofiira ngati apha mbuzi pamenepo. Anati, "Titenga chachitatu."

"Chachimfinecho?" anatero Tsogolani. "Achimwene, mwayamba kudwala?"

A Chalera anati anthu onse akutauni akutenga choyamba, ndipo mphunzitsi wa pa Madisi sangaposa anthu akutauni nzeru. Fatsani, amene pamoyo wake wonse anali asanatsutsepo atsibweni ake, anaimirira. Anati, "Atsibweni, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana akalemba kuti amadziwa zonse, ndimadziwa kuti sanawerenge. Buku losanena pamene chida chimagwera likufuna kuti amayi ndiwo akapeze pogwerapo. Ine sindilola, ngakhale mundinene zamwano."

Anakangana mpaka Nachisale anati, "Mawu okoma ndinawamva okwanira kwa anthu osoketsa zovala za ukwati. Tengani chachimfinecho."

Atatero, Fatsani anachitanso china, ndipo anachichita ndi mtima wabwino. Anamulembera Kalaliki mmene aziyankhulira ndi mayi ake. Inu nonse mukudziwa kuti kwathu kuno munthu wamkulu sumufikira ndi nkhani yoipa pakhomo. Umapereka kaye moni, umafunsa za thupi, umapepesa, kenako nkhaniyo umaibweretsa pang'onopang'ono kuti mtima usadumphe. Fatsani analemba zomwezo. Shuga akatsika, Kalaliki azinena kuti: "Amayi, mwaswera bwanji? Kaya thupi lero? Pepani kuti ndikusokonezani pa zimene mukuchita, koma pali kankhani kochepa kamene ndati ndikudziwitseni. Zikuoneka kuti shuga watsikako, ndiye mwina mungadyeko kenakake kotsekemera." Anayesa pakhonde, zonse zinamveka bwinobwino, ndipo a Chalera anati koma Kalalikiyu analeredwa.

Onse anakhutira kupatula Mwatitha. Iye anakulira pafupi ndi makina, ndipo ankadziwa kuti mayi ake sankalandira chovala cha telala wina asanachitembenuze kuti aone msoko wa m'kati. Anati, "Achimwene, inu mwachonga zimene bukuli lanena. Ine ndikufuna ndione ngati zimene lanenazo zili zoona."

Fatsani anakhumudwa. "Achemwali, buku lovomera zofooka zake linganamenso?"

"Wakuba wochenjera amavomera nkhuku kuti mbuzi isafunsidwe," anatero Mwatitha.

Anatseka benchi yake yokonzerapo mafoni ya ku Lilongwe sabata yathunthu, makasitomala akumuimbira, iye osayankha. Anatenga bukulo mzere ndi mzere. Likati chida chimatha chakuti, iye ankachiyesa. Anachiyesa batire ili yodzaza, anachiyesa batire ikutha. Anachiyesa foni ili m'thumba la diresi, anachiyesa itakulungidwa m'chitenje. Masiku anayi bukulo silinaname. Tsogolani ankadutsa pa njinga yake n'kumafuula kuti, "Achemwali, mwaipeza mfiti?" Iye osatembenuka n'komwe.

Tsiku lachisanu anafunsa mayi ake kuti, "Amayi, kodi tsiku lonse mumangokhala pakhonde pano?"

Nachisale anaseka. Anamuonetsa chingwe chimene analuka ndi zidutswa za nsalu, chochokera pakhomo la kuseri kutsetsereka mpaka kudimba lake la mpiru, kumunsi kudambo. Tsiku lililonse ankagwira chingwecho n'kupita yekha kukathirira. Mwatitha anatsata chingwecho foni ili m'manja, ndipo atangodutsa chulu, netiweki inazimiririka. Ataima pakati pa mabedi a mpiru, anamunamiza Kalaliki kuti shuga watsika. Choyankhulira chinayankhuladi, monga buku linalonjezera. Chinati, "Amayi, mwaswera bwanji? Kaya thupi lero?" Kenako chinangoti zii.

Nachisale, amene anali pambuyo, anayankha mosangalala kuti, "Ndaswera bwino, kaya inu a Kalaliki?" N'kuwerama kuyamba kuzula udzu.

Mwatitha anayesanso, zomwezo. Anayesa kakhumi, akufupikitsa uthenga ndi kuwerenga zilembo chimodzichimodzi. Anapeza kuti buku linkati chidacho chimawerenga uthenga wa zilembo mazana asanu, koma popanda netiweki chinkalekezera pa zilembo makumi asanu. Zotsalazo chinkangozimeza. Choipitsitsa, chinkamuuza Kalaliki kuti chanena zonse, ndipo Kalaliki, wosafunsa uja, ankakhulupirira n'kukhala phee. Zimenezi bukulo silinazitchule paliponse, ngakhale m'mutu uja wa zimene chida sichitha.

Tsiku lomwelo anawalembera kalata opanga chidacho, yopanda malonje. Anati buku lanu lanama pa tsamba lakuti, ndipo bodza limeneli likhoza kupha munthu. Iwo anayankha kuti akuthokoza kwambiri, ndipo adzakonza m'buku lotsatira. Lotsatira liti, sananene.

Apa Mwatitha mtima unamuthera. Anaitana banja n'kunena misozi ili m'maso kuti, "Atsibweni ananena zoona. Ngati buku labwino koposa likunama chonchi, ine sindingasiye amayi m'manja mwa zinthu zimenezi. Amayi, longedzani. Mawa tikupita ku Lilongwe."

A Chalera anawomba m'manja. Fatsani anangoti zyoli. Kwa nthawi yoyamba anawo anamuona Nachisale akuoneka wokalamba.

Amene anayankhula anali Tsogolani, yemwe uja wokonda mawu a pawailesi. Anati, "Achemwali, mwati zilembo zingati?"

"Makumi asanu."

"Ndiye vuto lili pati? Ine pamsewu munthu akaima kutsogolo kwa njinga, sindimufunsa kuti wadzuka bwanji. Ndimaliza hutala. Moni timapatsana akakhala kuti wapulumuka."

Anang'amba tsamba la kalendala yakale, anatembenuza kuseri, n'kupempha bolopeni yofiira ya mkulu wake. Anati popeza opanga aja alephera kulemba tsamba limene likusowa, alilemba iye, wa Fomu 2. Analemba ngati akulangiza munthu wachilendo amene sangabwerere kudzafunsa njira. Choyamba, shuga akatsika usapereke moni, usapepese, unene kuti: Shuga watsika. Idyani maswiti atatu tsopano. Chachiwiri, uthenga uliwonse usapitirire zilembo makumi asanu, kaya netiweki ilipo kaya palibe. Chachitatu, choyankhulira chikakuuza kuti chanena zonse usachikhulupirire, ubwereze mpaka amayi ayankhe ndi pakamwa pawo kuti ndadya. Pansi pake anaikapo zitsanzo ziwiri, chimodzi cholondola, china cholakwika, ndipo cholakwikacho chinali malonje a Fatsani, liwu ndi liwu.

M'nyumba munabuka moto. A Chalera anati m'banja mwawo simunaonekepo mwano wotere, woti chinthu chizilamula mlongo wawo ngati chikuthamangitsa nkhuku. Fatsani anati ulemu ndi umene umasiyanitsa munthu ndi nyama. Koma amene anapsa mtima koposa anali Nachisale mwini wake.

"Iwe Tsogolani, ine ndi mayi ako. Kalaliki ameneyu akangondilamula popanda moni, ndikamuponya m'chimbudzi."

"Mukamuponye, amayi. Koma mukamuponye mutadya kaye maswiti."

"Ndi mmene ndinakulerera?"

"Munandilera kuti ndizinena zoona. Mwasankha kukhala m'nyumba mwanu, ndipo ine ndili kumbali yanu. Koma simungasankhe zonse ziwiri, nyumba ndi malonje. Chimodzi musiye."

Palibe anayembekezera kuti mwana angayankhe mayi ake chotero. Nachisale anatukwana pang'ono, anatcha mwana wake dzina limene sindingalibwereze pano, kenako anati, "Lembani zimenezo. Ku Lilongwe sindipita." Mwatitha analowetsa tsamba lija mwa Kalaliki akung'ung'udza, ndipo Tsogolani anagula maswiti n'kuwamanga pa ngodya ya chitenje chilichonse cha mayi ake. Sabata ziwiri Nachisale sanamuyankhule.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litatuluka ndi ukali, Nachisale anadzibaya jakisoni wake n'kuteleka phala. Phalalo lisanapse anamva mbuzi za eni zikulira kumunsi, ndipo anadziwa kuti zalowa mu mpiru. Anaphula mphika, anagwira chingwe chake, n'kutsetsereka ali ndi ndodo, m'mimba mulibe kanthu. Anathamangitsa mbuzi, anatseka pamene zinaboola mpanda, kenako anati popeza wafika kale, athirire. Thukuta litayamba anati ndi dzuwa. Anthu onse oyandikana nawo anali kumsika, ndipo ana ake anali kutali, aliyense pantchito yake.

Pamenepo m'thumba mwake munamveka mawu osasa aja. "Shuga watsika. Idyani maswiti atatu tsopano."

"Choka apa, wopanda mwambo iwe," anatero Nachisale, napitiriza kuthirira.

"Shuga watsika. Idyani maswiti atatu tsopano."

Miyendo inalefuka, anakhala pansi pakati pa mabedi. Mutu unayamba kuzungulira, sankadziwanso kumene kuli chingwe, ngakhale chimene anadzera kudimbako. M'makutu mwake munatsala chinthu chimodzi chokha, mawu amwano aja, akubwereza osatopa, kachitatu, kachinayi, kachisanu. Kuti angowatontholetsa, anapapasa ngodya ya chitenje, anamasula mfundo ndi mano, n'kutafuna maswiti ndi mapepala omwe. Anagona pamenepo kanthawi. Nzeru zitabwerera ananena mokalipa kuti, "Ndadya!" Ndipo Kalaliki anakhala chete.

Namwino ataona manambala a tsikulo anagwira pakamwa. Anati Nachisale akanachedwa pang'ono pokha, anthu akanamupeza madzulo atauma.

Lamlungu lotsatira Nachisale anaitana ana ake ndi mlongo wake. Anavundukula nsalu pa makina aja n'kunena kuti, "Ndili moyo, ndipo ndili m'nyumba mwanga. Lonjezo ndi lonjezo. Aliyense anene chake."

Fatsani anati, "Amayi, kudimba kulibe netiweki. Mukanatenga cha mawu okoma chija, chimene wina pano anachidumphira, sichikanatulutsa liwu ndi limodzi lomwe. Malamulo a Tsogolani akanawanena ndani? Ine ndinawerenga pamene ena ankangomvera kukoma."

Mwatitha anati, "Chimene munasankhacho, achimwene, chikanawapatsa amayi moni n'kuwasiya afe akuyankha kuti ndaswera bwino. Inu munakhulupirira pepala. Ine ndinatsika kudimba, ndipo zilembo makumi asanu zimene Tsogolani akunyadira ndinaziwerenga ndine."

Tsogolani anati, "Munaziwerengadi, achemwali, kenako munati amayi alongedze. Kuona dzenje si kuwolotsa munthu. Mawu amene amayi anamva kudimba ndi anga, ndipo chifukwa cha mawuwo ndinatukwanidwa ndi banja lonse."

A Chalera anakhosomola n'kunena kuti nkhaniyi ndi yosavuta, poti pa mwambo wathu katundu wa mayi amatsata mwana wamkazi. Nachisale anawadula. "Achimwene, makinawa si a mtundu. Ndinawapeza ndi thukuta langa, ndipo inu amene munkafuna kunditsekera nyumba, pa mlandu uwu mulibe mawu." Atsibweni aja anayesanso kuti mwina anawo azisinthana, chaka kwa uyu, chaka kwa uyo. Nachisale anati iye sanalonjeze kubwereketsa, ndipo makina oyendayenda amathera panjira.

Anawo atamufunsa kuti nanga inuyo amayi mukuti bwanji, iye anati, "Ine ndimawakonda ana anga onse, n'chifukwa chake mlanduwu sindingauone bwino. Ukafunsidwe kwa anthu."

Ndiye ndaubweretsa kwa inu, ndipo ndikuchenjezeretu. Pali wina pano watsegula kale pakamwa kuti anene kuti mutu umodzi susenza denga. Tikudziwa, koma dengalo lasenzedwa kale, ndipo makina ndi amodzi. Pali winanso wochenjera amene akufuna kunena kuti apatsidwe Kalaliki. Kalaliki sanasankhe kanthu, anangochita zimene zinalembedwa. Ndiponso musandifunse maganizo anga, sindikuuzani. Ndimangomva chisoni ndi ukali ndikaganiza kuti anthu ophunzira analemba mabuku atatu, ndipo palibe ndi limodzi lomwe limene likanamusunga mayiyu palokha.

Kumbukirani kuti aliyense wa atatuwa anapulumutsa mayi ake, ndipo aliyense, akanamusiya yekha, akanawataya. Fatsani anasankha chida choyankhula kudimba, koma ndi iye amene anachiphunzitsa malonje akupha. Mwatitha anagwira bodza limene wina aliyense sanalione, koma atangoligwira anafuna kuwachotsa amayi m'nyumba imene ankaimenyera nkhondo. Tsogolani analemba mawu amene anamveka pa tsikulo, koma banja likanamumvera iye poyamba, foni ikanakhala duu m'thumba. Nachisale wakhala pakhonde, dzanja lili pa makina, akudikira yankho lanu. Tanenani tsono, ndipo amene anene atipatse chifukwa chake: makinawa apite kwa amene anawerenga buku, kwa amene analigwira bodza, kapena kwa amene analemba tsamba limene linkasowa?